Mchenga mu Nsapato za Nsofwa

"Uyu muchenga wachoka kuti?"

Exildah anaima pakati pa balaza, kansapato ka mwana kali m'manja. Anakapendeketsa, mchenga woyera n'kuyoyokera pa simenti imene anali atangoipaka polishi. Mlongo wake wamng'ono, Thandazani, anali pampando akukulunga waya wa kuntchito, ndipo sanafulumire kudzutsa mutu.

"Ni muchenga chabe, ba sisi."

"Maso nili nayo, Thanda. Nafunsa kwamene wachoka. Dothi ya kuno ku Kabwata ni yofiila, uyu ni wosefa monga shuga. Satade iliyonse unyamula Nsofwa ati tiyenda mu tauni, pobwela ali na dongo mu vikhadabo. Ni shopu iti mu tauni yamene igulitsa matope?"

"Tiyenda ku Woodlands. Kuli ba kansela ba bana, ba Annette Mpundu."

Exildah anafuna mpando ndi dzanja, n'kukhala pang'onopang'ono.

"Kansela. Manje wamisala ni ndani mu nyumba muno?"

"Kulibe wamisala."

"Nanga bamuchita chani mwana kumeneko? Bamupasa mankhwala? Bamupemphelela?"

"Asobela chabe. Muchenga, dongo, tuvidoli, vilivonse vamene afuna."

Exildah anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anaika kansapato kaja patebulo, pamalo poti mlongo wake azikaona bwino.

"Iwe mwana wa amai, nkhala bwino unimvele. Nasiya nyumba yanga ku Chelstone, nasiya na nkhuku zanga, kubwela kuno kukulelela mwana. Ninamupeza ali monga kambuzi, kukwela ma windo, mawondo yonse vilonda. Manje muone. Auka yeka, ayanzika bedi, asuka mbale, sapempha kanthu, sayankha munthu. Ku chechi bazimai bonse banifunsa ati ba Exildah, mwana uyu mwamupanga bwanji? M'mela mpoyamba. Manje iwe uyenda kusakila munthu wa ma digili kuti amubwezele ku matope?"

"Ba sisi, munamumvela liti Nsofwa aseka?"

"Kuseka ni chakudya?"

"Mwana wa giledi thu sasobela. Bola yake anapasa mwana wa pa neba. Kadoli kake anakafaka pamwamba pa wadilopu. Banzake bakamuitana kukasobela waida, akamba ati nili bize. Bize na chani, mwana wa msinkhu uja? Imwe muona ulemu, ine niona mwana wamene azima. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko."

Kuseri kwa nyumba, pampopi, kunkamveka mbale zikugundana pang'ono. Nsofwa ankatsuka mbale za m'mawa popanda womutuma. Awiriwo anatsitsa mawu.

Nkhani imene ankaizungulira inali iyi. Helen, mkazi wa Thandazani, ankagulitsa zitenje ku City Market mu Lusaka. Chaka chatha anapita ku Nakonde kukaoda katundu, ndipo basi imene anakwera pobwerera inagubuduzika panjira. Maliro asanafike pakhomo, akuluakulu anamunyamula Nsofwa kukamusunga ku Chelstone. Pamene ankabwerako, tenti inali itachoka, mipando itabwerera m'malo mwake. Anamuuza kuti amayi ake akadali ku Nakonde, katundu wachedwa pa boda. Analamula zimenezi anali a Chomba Mulubwa, mlongo wake wamkulu wa Helen, ndipo panalibe wotsutsa. Kwathu kuno timakonda kunena kuti mwana alibe mtima wosenzera imfa, ngati kuti tinayamba tautsegula mtimawo n'kuona kukula kwake.

"Nizabauza ba Chomba," anatero Exildah. "Mwala wa pamanda tivundukula kumapeto kwa mwezi, iwe ndiye pamene uyamba vosokoneza."

"Bauzeni, ba sisi."

Mawu ochepawo anamudabwitsa Exildah kuposa mchenga uja. Thandazani ndi munthu woti ukamuponda phazi mu minibasi, wopepesa amakhala iyeyo. Ntchito yake ndi yamagetsi, ndipo anazolowera kugwira zinthu mofatsa, kuyamba wazimitsa asanakhudze. Koma tsiku limenelo anatola kansapato kaja, n'kukagwedeza panja, n'kukaika pakhomo pomwe mwana akapeze Loweruka lotsatira.

Ndipo Loweruka litafika anapitadi. Chipinda cha a Mpundu chinali kuseri kwa nyumba ina yakale ya ku Woodlands, pansi pa mitengo ya jakaranda. Munalibe bedi la odwala kapena fungo la mankhwala. Munali mphasa, bokosi lalikulu la mchenga, ndowa ya dongo, ndi mashelufu odzaza tianthu, tinyama ndi tigalimoto. Masabata oyamba Nsofwa sanasewere ayi. Ankangokonza. Ankafoletsa tidoli motsata msinkhu, kusalaza mchenga ndi chikhatho, kenako n'kufunsa kumene kumakhala tsache. A Mpundu, mayi wamfupi wa magalasi, sanamukakamize. Ankavula nsapato, kukhala naye pamphasa, n'kumangoti, "Naona wavikonza bwino. Muno vingankhale mwamene ufunila, olo vosokonezeka."

Tsiku limeneli Nsofwa anagwira chala cha bambo ake pakhomo, kusonyeza kuti alowe nawo. Thandazani anavula majombo ake, n'kukhala pakona, miyendo itasowa poipinda.

Mwana anajambula msewu mumchenga ndi chala. Kumapeto kwina anaikako kabasi, m'kati mwake muli kadoli kachizimayi. Kumapeto kwinako anaika kanyumba ndi kadoli kakang'ono. Anayendetsa kabasi kaja pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi kanyumba, n'kukuza mawu ngati kondakitala.

"Lusaka, Lusaka, selukani."

Kenako anasintha mawu, akhala a munthu wamkulu wamkazi.

"Awe, ine siniseluka. Mwana wanga akalibe kunkhala bwino."

Kabasi kanatembenuka, kubwerera kumene kanachokera. Kadoli kakang'ono kanayamba kusesa pakhomo. Kanasesa, kanasesa, kabasi n'kubweranso, mawu n'kukhala omwe aja, kabasi n'kubwereranso.

"Aka kamwana kanachita chani?" anafunsa a Mpundu, maso ali pa kadoli, osati pa Nsofwa.

"Kanadula chitenje cha ba mami bake na sizasi, kupangila kadoli dilesi. Chenze cha kasitoma. Ba mami banakalipa maningi. Mailo yake banayenda."

"Nanga bazabwela liti?"

"Kakaleka kuvuta. Ba anti banakamba ati mwana wovuta ba mami bake sibabwela."

Thandazani anamva ngati wagwira waya wamoyo ndi dzanja lonyowa. Chaka chathunthu mwana wake ankatsuka mbale, kusesa, kukana anzake, poganiza kuti akugula ulendo wa amayi ake wobwerera kunyumba. Iye bambo wake anali m'nyumba momwemo, akumuyamikira kuti wakula. Zinamuwawa, ndipo anachita manyazi kwambiri.

Nthawi itatha, Nsofwa anapita kukasamba m'manja pampopi wa panja. Thandazani anatsala pakhomo, jombo imodzi ili m'manja.

"Nichite chani, ba Mpundu? Mungamuuze imwe? Imwe muziba mokambila."

"Awe, si malo yanga. Mwamvela mweka. Ise bakulu tili na mau, bana bali na masobela, ndiye mwamene bakambila vamene vili mu mutima. Ine nchito yanga ni kumupasa malo yokambilamo. Koma nkhani iyi afunika kuimvela kuli munthu wamene azankhala naye mailo na mailo. Mukambe mau yeniyeni, kuti banafa. Musakambe ati banagona olo banayenda, chifukwa wogona amauka, woyenda amabwela. Azalila, kapena azakukalipilani. Musayope. Mukasiliza, mubwele naye, muchenga uzankhala ulipo."

Lamlungu atatuluka kutchalitchi, Thandazani anaitanidwa ku Kabulonga. Nyumba ya a Chomba ndi ija ya mpanda wautali, ya agalu odya bwino kuposa alonda awo. Anamulandira pakhonde. Exildah anali atafika kale, atakhala pampando wa nsungwi, chikwama chili pamiyendo.

"Muli shani, bashi Nsofwa?" anatero a Chomba, kumutchula mwaulemu wa Chibemba ngati bambo wa mwana. Anali munthu wamkulu thupi, wa imvi zometa bwino, wozolowera kuti akayankhula pamsonkhano anthu amalemba. "Namvela ati mwana wa mulongo wanga mumupeleka ku ba dokota ba mitu."

"Ni ba kansela, ba mulamu. Bathandiza bana kupitila mu masobela."

"Masobela yali pa khonde pa nyumba iliyonse, mukwai. Vinthu ivi ni va bazungu. Ise tinakula, batate bathu banafa, kulibe anatipasa tuvidoli, ndipo tili pano. Tinapangana pa malilo kuti mwana azaziba akakula, akasiliza giledi seveni. Pa siku ya mwala azayenda ku Chelstone monga kale. Mwana uja ni nkhope ya Helen. Ine sinifuna kuona nkhope ija ilila."

A Chomba sanali munthu woipa. Ankamukonda mlongo wake, ndipo chikondi chakecho anachimangira mpanda ngati nyumba yake.

Thandazani anafotokoza zimene anaona mumchenga: kabasi, kanyumba, chitenje chodulidwa. Atafika pa mawu aja akuti mwana wovuta amayi ake sabwera, anangoti, "Pali wamene anamuuza so," osatchula dzina, osayang'ana kumene kunali mlongo wake. Exildah anaweramitsa mutu, n'kuyamba kutsegula ndi kutseka zipi ya chikwama chake.

"Tinabisa imfa kuti mwana asavutike," anapitiriza Thandazani. "Koma pamene tinasiya mpata, yeve anafakapo mulandu wake. Aganiza ati ndiye anapilikisa ba mai bake. Avutika kale, ba mulamu, avutika yeka, ise tili kumuombela m'manja."

"Bana baibala. Musiyeni, vizasila. Mau a akulu akoma akagonela."

"Yagonela chaka chonse, ba mulamu. Yakalibe kukoma."

Ngakhale galu amene ankanunkhiza majombo a Thandazani anachokapo. A Chomba anavula magalasi awo, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Bashi Nsofwa, mvelani bwino. Kwathu mwana ni wa kuchikazi. Ninakusiyilani chifukwa cha ulemu. Kuno kuli chipinda, kuli sukulu yabwino, ndipo mwana wa ng'ona sakulila dziwe limodzi. Mukamubweletsa ku manda pa siku ija, azachoka kumeneko mu motoka yanga."

Thandazani anadziwa kuti a Chomba sanena zongoopseza, ndipo anadziwanso kuti abale onse a mbali ziwiri adzaima kumbuyo kwa munthu wa mpanda wautali. Mantha anamugwira, sitingabise. Koma anaimirira, chipewa chili pachifuwa, n'kuwerama pang'ono monga mwa mwambo.

"Nakulemekezani, ba mulamu, ndipo nizapitiliza kukulemekezani. Koma mbeba yamanyazi inafela kuuna. Nizamuuza mwana wanga, ndipo pa mwala wa ba mai bake azankhalapo."

Pakati pa sabata magetsi anazima masana, ntchito n'kuima, Thandazani n'kubwera kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Anabwera ndi zidutswa za waya ndi pulayazi. Anakhala pa sitepe ya kuseri n'kuyamba kupinda waya monga ankachitira ali mwana ku Kaunda Square, kumene galimoto zake za waya zinkatchuka mzere wonse wa nyumba. Zala zinakumbukira zokha. Nsofwa anaima chapatali, tsache lili m'manja, akuyang'ana.

"Nigwilileko apa," anatero bambo ake. "Basi iyi siingayende ilibe mawilo."

Mwana anayang'ana tsache, n'kuyang'ana kukhitchini kumene kunali azakhali ake, kenako anatsamiritsa tsache kukhoma. Anagwira zivundikiro za zitini za polishi pamene bambo ake ankaziboola. Basi inatuluka yokongola, ya makwerero kumbuyo, ya chiwongolero chachitali chofika m'chiuno mwa mwana.

"Nsofwa, nifuna nikuuze chinthu chovuta. Ni chazoona, ndipo nenze nifunika kukuuza kudala." Thandazani anaika pulayazi pansi. "Ba mami bako sibali ku Nakonde. Basi yamene banakwela pobwela inagwa pa njila. Ba mami banafa. Sibazabwela, mwana wanga. Tinabashika ku manda pamene wenze ku Chelstone."

Mwana anamuyang'ana osaphethira. Kenako ananyamula basi ija n'kuimenyetsa kukhoma, wilo limodzi n'kugubuduka mpaka kumpopi. Anamulumphira bambo ake ndi tizibakera, pachifuwa, pamapewa, paliponse pamene anafika.

"Munanama! Bonse munanama!"

Kulira kwake kunamveka mzere wonse wa mafulati. Amayi a nyumba zoyandikana anasuzumira pa mawindo. Thandazani sanamugwire manja kapena kumuuza kuti atonthole. Anangomuzinga ndi mikono, misozi yake nayenso ikugwera m'tsitsi la mwana.

Exildah anatulukira pakhomo la khitchini, mpeni wa tomato uli m'manja. "Waona manje vamene wachita?"

"Naona, ba sisi. Alila monga mwana."

Patapita nthawi kulira kunasanduka kusisima. Nsofwa anafunsa nkhope ili m'malaya a bambo ake, mawu osamveka bwino.

"Si chifukwa cha chitenje?"

"Si chitenje. Kulibe chamene unachita. Uziba vamene banakamba ba mami bako siku ija, iwe utagona? Banatenga kadoli kako, banayangana dilesi ija, banaseka mpaka misozi. Ati uyu mwana azankhala telala, ona mwamene wadulila khosi. Banayenda ku Nakonde bali okondwela na iwe."

Exildah anabwerera m'nyumba. Anamveka akukoka mpando kuchipinda. Atatulukanso anali ndi kadoli kaja ka pamwamba pa wadilopu, kafumbi, kovala diresi ya chitenje chobiriwira yosokedwa mokhotakhota. Anakapukuta ndi epuloni, n'kugwada pa simenti, mayi wamkulu wa mawondo ovuta, kuti maso ake alingane ndi a mwana.

"Mau yaja ninakamba ine yenze yabodza, Nsofwa. Nenze nifuna chabe kuti ungene mu bafa usambe. Nikhululukile, mwana wa mulongo wanga."

Nsofwa analandira kadoli kake, n'kukakumbatira pamodzi ndi mkono wa bambo ake.

Tsiku lovundukula mwala linali Loweruka la dzuwa ndi kamphepo ka fumbi. Kumanda a kumsewu wa Leopards Hill kunadzaza abale, amayi a chigwirizano ovala yunifolomu zawo, ndi anzake a Helen a ku City Market amene anavala chitenje chofanana. Mwala unali wokutidwa ndi nsalu yoyera. Nyimbo yoyamba ili pakati, mitu inayamba kutembenuka umodziumodzi.

Thandazani ankabwera m'kanjira ka pakati pa manda, atavala suti yake imodzi yomwe ija ya ukwati. Kumanja kwake kunali Exildah. Patsogolo pawo panali Nsofwa, wovala diresi yoyera, akuyendetsa basi ya waya yopindika pang'ono mbali imodzi, kadoli ka chitenje chobiriwira kali pampando wakutsogolo. Manong'onong'o anayenda m'gulu. Wina anati mwana kumanda ndi malodza, wina anati bambo ameneyu imfa ya mkazi inamusokoneza mutu. Thandazani anawamva onse, ndipo sanachepetse kapena kuwonjezera liwiro.

A Chomba anachoka pamzere wakutsogolo. Anapita pagalimoto yawo imene inaima chapafupi, n'kutsegula chitseko chakumbuyo, n'kuchisiya chotsegula. Kenako anadzaima m'kanjira kaja, kutsekereza.

"Bashi Nsofwa, ninakamba."

"Munakamba, ba mulamu. Na ine ninakamba."

Nyimbo inafera m'kamwa mwa oimba. Abusa anatseka buku lawo ndi chala chili m'kati. Basi ya waya inadzaima itagunda nsonga ya nsapato yonyezimira ya a Chomba, ndipo Nsofwa anakweza maso kuyang'ana amalume ake.

"Ba yama, ba mami bali pati?"

Anafunsa poyera, mopanda mantha, ndi nkhope ija imene a Chomba ankaopa kuiona ikulira. Sinkalira. Inkangodikira yankho. Dzanja la a Chomba linakwera lokha n'kuloza nsalu yoyera ija, ndipo anapatuka.

Nsofwa anayendetsa basi yake kuzungulira mitumbira, mawilo a zitini akulira pamiyala. Atafika pamwala anagwada m'dothi lofiira ndi diresi yake yoyera. Exildah anatsegula pakamwa poona dothilo, n'kutsekanso.

"Lusaka, Lusaka, selukani," anatero mwana ndi mawu a kondakitala.

Anatulutsa kadoli kaja mosamala, n'kusintha mawu.

"Zikomo ba kondakita, naseluka. Nafika."

Anakakhazika kadoli kotsamira mwala, n'kukakonza diresi yake kuti iphimbe mawondo. Kenako anayankhula ndi mawu akeake.

"Ba mami, nenze nikuyembekezani pa geti. Manje naziba kwamene muli. Dilesi iyi ni ya chitenje chija. Ba dadi bakamba ati munaseka."

Amayi a ku City Market ndiwo anayamba kulira, kenako gulu lonse. Koma kulira kumene anthu anakumbukira pambuyo pake kunali kwa a Chomba. Munthu uja pa maliro a mlongo wake sanagwetse msozi, anali kalikiliki ndi mafoni, bokosi ndi chakudya cha anthu. Tsopano anagwira mwala wa manda a munthu wina wosamudziwa, mapewa akugwedezeka, akutchula dzina la Helen mobwerezabwereza.

Nsofwa anaimirira, mawondo ali psuu. Anapita kwa amalume ake akukoka basi, n'kuwapatsa chiwongolero.

"Ba yama, ibwezeni imwe. Ilibe munthu manje, siilema."

Mwambo unapitirira, nsalu inavundukulidwa, abusa anapemphera. Pobalalika, anthu anaona a Chomba Mulubwa a ku Kabulonga, suti yakuda, maso ofiira, akuyendetsa basi ya waya m'kanjira ka kumanda, mwana atawagwira dzanja linalo. Panalibe amene anaseka. Atafika pagalimoto, chitseko chakumbuyo chinali chikadali chotsegula. Thandazani anaima chapatali, mtima uli m'mwamba.

A Chomba anayang'ana chitsekocho, n'kuyang'ana mwana. Anachikankha ndi bondo, chinatsekeka. Anapereka chiwongolero cha waya kwa mlamu wawo ndi manja awiri.

"Mupelekeni mwana ku nyumba, bashi Nsofwa. Ku Kabwata." Anapukuta mphuno ndi mpango. "Uja mai wa ku Woodlands, aona bana beka?"

"Nizamufunsa, ba mulamu."

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Panali masiku amene Nsofwa ankadzuka wokwiya, osafuna kuyankhula ndi aliyense, ndi masiku amene ankafunsa mafunso oti munthu wamkulu asowe poyang'ana. Ku Woodlands ankapitabe Loweruka lililonse, ndipo a Mpundu anati tsopano chipinda chimatsala ngati mwadutsa kamvuluvulu. Mchenga wa mu nsapato Exildah ankaukhutulira m'chitini cha maluwa, akung'ung'udza pang'ono kuti asaiwale luso lake.

Madzulo ena mvula yoyamba itangokata, Nsofwa analowa m'nyumba akuthamanga, matope mpaka m'mawondo, n'kusindikiza mapazi pa simenti yonse ya polishi. Exildah anatuluka kukhitchini manja ali m'chiuno.

"Iwe Nsofwa, ukapitiliza so..."

Anaima pomwepo. Mwana nayenso anaima, akumuyang'ana. Thandazani anatsitsa pulayazi imene inali m'manja mwake.

"Ukapitiliza so, uzakolopa weka," anamaliza Exildah.

Nsofwa anaseka, kuseka kwa mano onse ndi mpata wa dzino loguluka, n'kuthawiranso panja. Sipanapite nthawi, kunamveka galasi likusweka, kenako mapazi a ana akubalalika. Mayi wa fulati yoyandikana anafika pakhomo, bola ili m'khwapa, nkhope itakwinyika.

"Ba neba, windo yanga yapwanyika. Bana bonse bakamba ati ni Nsofwa anachaya bola, koma ine nakana. Mwana wofatsa uja sangachite so."

Thandazani anaimirira, n'kutenga tepi yake yoyezera kuti akaone kukula kwa galasilo. Anayesetsa kuti nkhope ioneke yachisoni monga kuyenera munthu wopalamula, koma chifuwa chotukumuka ndi kunyada chinamukanika kubweza.

"Pepani maningi, ba neba, mailo nizafakapo ina. Koma musakane. Ni yeve. Ni mwana wanga uja."